Zimbale zatsopano za rock ndi indie: bwanji zina zimatopetsa khutu pamene zina ayi?

Chikondi_Zomba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa zimbale za rock ndi indie zomwe zatuluka kuyambira 2024, pali zinayi zimene anthu sakutopa kuzitchula: Songs of a Lost World cha The Cure, Romance cha Fontaines D.C., Funeral for Justice cha Mdou Moctar, ndi Manning Fireworks cha MJ Lenderman. Funso langa lili pa kamvekedwe. Cha The Cure nyimbo zake n'zogwira mtima zedi, koma ukachimvera pa mahedifoni, pofika nyimbo yachisanu khutu limakhala latopa, ng'oma zikumveka ngati azifunditsa bulangeti, zida zonse zitapanikizana malo amodzi. Cha Lenderman ungachimvere kawiri motsatizana khutu osadandaula. Kodi vuto lili pa chimbale, pa mahedifoni, kapena ndi Spotify? Komanso poti bandulo sikukhalitsa masiku ano, ndi ziti zoyenera kuti munthu agule kapena adawunilode pa mlingo wapamwamba? Ngati pali zina zabwino zomwe ndazisiya, nditchulireni.

Mlongoti_Sound:

A Chikondi, khutu lanu silikukunamizani. Koma musanaweruze chimbale chilichonse, yambani mwachotsa zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza mlandu: kusiyana kwa voliyumu, ndi zokometsera zomwe foni imathira yokha.

Khutu la munthu likamva zinthu ziwiri, china n'kukhala chokwera pang'ono chabe, ngakhale ndi 1 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), limathamangira kunena kuti chokweracho ndicho chabwino. Chifukwa chake n'chakuti besi ndi mawu opyapyala a m'mwamba zimaonekera bwino voliyumu ikakwera; Fletcher ndi Munson adaziyesa zimenezi mu 1933. Ndiye pa Spotify lowani mu Settings, pitani pa Playback, muyatse normalization, yomwe imafananitsa voliyumu ya nyimbo zonse, mlingo muusiye pa Normal. Normal amaika nyimbo pa -14 LUFS, Loud pa -11, Quiet pa -19 (LUFS imayeza kukwera kwa nyimbo yonse; nambala ikayandikira 0, nyimbo ndi yokwera kwambiri). Loud musamugwiritse ntchito poweruza, chifukwa nyimbo yofatsa amayikweza n'kuyidutsitsa pa limiter wake, chida chometa nsonga za mawu, ndiye mumakhala mukumva zomwe oyimba sadatulutse m'situdiyo. Dziwaninso kuti Spotify ya pa browser sichita normalization, ndi pulogalamu yokha. Pa Apple Music yatsani Sound Check, yomwe imagwira ntchito yomweyo. Mukatero zimitsani bass boost, Dolby Atmos ya m'foni ndi equalizer iliyonse. Bass boost pa chimbale chomwe n'chodzaza kale kunsi ili ngati kuthira ufa mu nsima yolimba kale.

Tsopano ku chimbalecho. Ng'oma ya snare ikamenyedwa, pamakhala kansonga kakafupi kwambiri, ka mamilisekondi ochepa, komwe kamatumphuka pamwamba pa zida zina zonse. Kansonga kameneko ndi kamene kamakupangitsani kumva ndodo ikugunda chikopa. Pa mastering, ntchito yomaliza yokonza kamvekedwe chimbale chisanatuluke, akafuna kuti chimbale chikwere, amadutsitsa nyimbo pa limiter yemwe amameta nsonga zimenezi, kenako n'kukweza zotsalazo mpaka kudenga, pa 0 dB. Akameta 2 dB palibe angadziwe. Akameta 6 kapena 8, ng'oma imamira, ndipo zida zomwe zimalira mosalekeza, monga magitala a distortion (olira mosweka), ma cymbal ndi makiyibodi, zimakwera n'kudzaza mpata wonse. Mphamvu yambiri ya magitala oterewa imagwera pakati pa 2 ndi 5 kHz (Hz ndi kHz zimayeza liwu, kuyambira la besi kunsi mpaka lopyapyala m'mwamba), pomwe khutu limamva msanga kuposa pena paliponse. Kutopa mukunenako n'kumeneko, khutu silikupeza popumira. Ndipo normalization sibweza nsonga zometedwazo, imangotsitsa chimbale chonse. Choncho chimbale chopanikizidwa chikatsitsidwa kufika pa -14 chimamveka chophwatalala pafupi ndi chinzake chomwe adachisiyira mpweya. Chitsanzo chodziwika ndi Death Magnetic cha Metallica cha 2008: anthu ambiri adakonda nyimbo zomwezo monga zidaikidwira m'gemu ya Guitar Hero kuposa za pa CD, chifukwa za m'gemuyo zinali zisanametedwe chonchi.

Ngati muli ndi mafayilo pa kompyuta mungayeze nokha. Ikani foobar2000, ndi yaulere. Sankhani nyimbo zonse za chimbale, dinani batani lakumanja, pitani pa ReplayGain, musankhe zoti ayeze ngati chimbale chimodzi. Nambala ya album gain yomwe ituluke imawerengedwa kuchokera pa -18 LUFS. Ikati -10 dB, chimbale chanu chili pa -8 LUFS, ndipo chametedwa ndithu. Ikati -5 dB, chili pa -13, chili ndi mpata. Zimbale zambiri za rock za masiku ano zimagwera pakati pa -6 ndi -9 LUFS. Nambala imeneyi ikuuzani kukwera kokha, osati ubwino wa nyimbo.

Popanda kompyuta, tsitsani voliyumu mpaka poti mungalankhule ndi munthu osakweza mawu, ndiye mvetserani snare yokha. Ikamaboolabe n'kumveka kuti pha, mix, kasakanizidwe ka zidazo, ili bwino. Ikasanduka phu, yametedwa. Kenako tcherani khutu polowa kolasi. Gulu lonse likalowa, nyimbo iyenera kukula. Ikangodzaza osakula, kapena ma cymbal akamatsika nthawi iliyonse ng'oma yapansi ikagunda n'kukweranso, ameneyo ndi limiter akugwira ntchito mopyola.

Chothandizako pang'ono: pa equalizer tsitsani 2 dB pafupi ndi 3 kapena 4 kHz, ndi 2 dB inanso pafupi ndi 250 Hz. Musapyole 3 dB, mawu a woyimba angabwerere m'mbuyo. Ndipo chenjerani ndi chizolowezi chokweza voliyumu pofuna kupeza ng'oma zomwe zamira. Pa 85 dB khutu limapirira maola 8 patsiku, ndipo mukawonjezera 3 dB iliyonse nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 94 dB latsala ola limodzi lokha.

NaPhiri_Leeds:

Achimwene a Mlongoti afotokoza bwino za limiter, koma ine sindingasenzetse mlandu wonse munthu wa mastering. Pa chimbale cha The Cure, theka la kupanikizanako lidabadwira m'kasanjidwe ka zida, mastering isanafike.

Werengani zomwe zikulira nthawi imodzi. Simon Gallup akuyimba besi yokhala ndi distortion, ndipo ili patsogolo kwambiri. Robert Smith amakonda besi ya nsambo zisanu ndi imodzi, yomwe imachunidwa octave imodzi pansi pa gitala wamba, ndipo amayimbirapo timizere ta nyimbo. Roger O'Donnell wayala makiyibodi okoka omwe sathima. Jason Cooper akudalira kwambiri ng'oma za tom. Zinthu zinayi zimenezi zikukanganirana malo pakati pa 100 ndi 500 Hz. Pamwamba pake Reeves Gabrels akuliza gitala, ndipo chilichonse chili ndi reverb wautali, kulira kotsalira ngati kwa m'chipinda chachikulu. Nyimbozo n'zoyenda pang'onopang'ono, ndiye mchira wa reverb wa ng'oma imodzi usanathe ina yagunda kale. Mpata wachete mulibe. Ngakhale akadachisiya osachimeta, chikadakhala cholemerabe.

Funso n'lakuti kodi kulemerako kuli ndi ntchito? Ine ndikuti inde. Ichi ndi chimbale chawo choyamba chichokereni 2008, chojambulidwa ku Rockfield Studios ku Wales, nyimbo 8, mphindi 49. Smith adachilemba atataya mayi ake, bambo ake ndi mchimwene wake. Nyimbo yoyamba imatha mphindi zoposa zitatu asanatsegule pakamwa, yomaliza ndi ya mphindi zoposa khumi ndipo mawu amalowa patapita zoposa zisanu ndi imodzi. Munthu amene akufuna kuti mudikire chonchi akufuna kuti phokosolo likuphimbeni kaye, kuti mawu akamalowa amveke ngati a munthu mmodzi pakati pa chimphepo. Ndipo mawu ake akadali oyera modabwitsa pa msinkhu wake. Kwa ine n'chimbale chawo chabwino koposa chichokereni Wish cha 1992. Komabe ndikugwirizana ndi a Mlongoti kuti ng'oma zikadapatsidwa mpata, chisonicho chikadagunda kwambiri. Chimvereni pa masipika, mutakhala mamita awiri kuchoka pomwe ali, osati pa timahedifoni tolowa m'khutu. Chipinda chimamwako mawu akuthwa, khutu lililonse n'kumamva masipika onse awiri. Mukachimvera pa mahedifoni, chidulireni pakati, nyimbo zinayi, mupume, zinayi zotsalazo.

Za Romance anthu amagawikana, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Zimbale zitatu zoyamba za Fontaines D.C., Dogrel cha 2019, A Hero's Death cha 2020 ndi Skinty Fia cha 2022, adajambula ndi Dan Carey, yemwe amakonda kuti gulu liziyimba pamodzi m'chipinda chimodzi. Pa Romance adasamukira ku XL Recordings n'kutenga James Ford, polojusa wa Arctic Monkeys. Kusiyanako kumamveka msanga: mawu a Grian Chatten ali patsogolo ndipo akuyimba kwenikweni m'malo molakatula monga kale, mwalowa mavayolini ndi makiyibodi, ng'oma zina zayenda ngati za hip hop. Chimbalechi n'chokwera nachonso, koma sichitopetsa ngati cha The Cure chifukwa nyimbo zake n'zazifupi, 11 m'mphindi pafupifupi 37, ndipo yaphokoso imatsatidwa ndi yofatsa. Chofooka chake chili pakati. Pali nyimbo ziwiri kapena zitatu zofatsa zomwe zikudalira mavayolini kuti zikule, pomwe mzere wa nyimbo weniweniwo ndi wochepa mphamvu. Koyambirira ndi kothera n'kolimba. Amene adakonda ukali wa Dogrel adzachiona chosalala kwambiri. Amene akuwamva koyamba ayambire pomwepa.

Ziwiri zomwe mwazisiya. This Could Be Texas cha English Teacher, gulu la kuno ku Leeds, chidapata mphoto ya Mercury Prize ya 2024. Adachijambula ndi Marta Salogni, ndipo ngati mukufuna kumva mix yomwe chida chilichonse chili ndi malo ake, ndi chimenechi: besi ikuyenda payokha, piyano ndi gitala zikupatsana mpata, kagundidwe kakusintha pakati pa nyimbo osagwa. Nyimbo ndi 13, ndipo zikadakhala 11 chikadalimba koposa. China ndi Getting Killed cha Geese a ku New York, cha September 2025. Mawu a Cameron Winter amakokeka, nthawi zina amagwera pambali pa noti mwadala, ndipo ena sangawapirire. Musamuweruze iye kaye. Ulendo woyamba tsatirani ng'oma za Max Bassin ndi besi zokha. Nyimbo zambiri zamangidwa pa kagundidwe kobwerezabwereza osati pa vesi ndi kolasi, ndipo mukagwira kagundidweko mawuwo amapeza pokhala.

Jere_Chipata:

Achemwali a NaPhiri akhudza mfundo yomwe ndikufuna kuyitambasula. Tisasokoneze phokoso la gitala ndi phokoso la mastering. Distortion ikakhala pa gitala yokha, ng'oma imakhalabe yamoyo pambali pake. Ikakhala pa nyimbo yonse, chilichonse chimasweka pamodzi. Anthu ambiri amati chimbale chakuti n'chaphokoso osanena kuti ndi phokoso liti.

Mukafuna muyeso woti muziyerekezera zina zonse, tengani To All Trains cha Shellac. Chidatuluka pa 17 May 2024, patangopita masiku khumi Steve Albini atamwalira. Anthu atatu okha: Albini pa gitala, Bob Weston pa besi, Todd Trainer pa ng'oma. Nyimbo 10, mphindi 28, chojambulidwa ku situdiyo ya Albini ya Electrical Audio ku Chicago. Gitala yake ndi yakuthwa ngati lata, chifukwa ankagwiritsa ntchito gitala ya khosi la aluminiyamu ndi piki yachitsulo. Koma mvetserani ng'omazo. Njira yomwe Albini ankadziwika nayo pojambula inali yoika mamayikolofoni ena patali m'chipinda, n'kuchedwetsa mawu ake ndi mamilisekondi pafupifupi 20, kuti mumve kaye ndodo, chipinda chibwere pambuyo. Ndiye snare ikagunda mumamva kukula kwa chipindacho. Nyimbo ikaima, imaimadi, pamakhala zii. Mwina nyimbozo simungazikonde, n'zouma komanso zaukali. Koma ikani imodzi, mutsatize ya The Cure pa voliyumu yofanana, zonse zomwe a Mlongoti afotokoza mudzazimva m'mphindi imodzi.

Funeral for Justice ndi nkhani ina. Mdou Moctar ndi wa ku Niger, amayimba m'Chitamasheq, chilankhulo cha Atuareg, ndi wamanzere, ndipo Stratocaster yake amayiliza ndi zala, makamaka chamkombaphala ndi chachikulu, popanda piki. Manoti ambiri othamangawo sakuchokera ku dzanja lokhwatcha, akuchokera ku dzanja la pakhosi pa gitala, lomwe limamenya ndi kukoka nsambo. Amene mumayesa kutsatira pa gitala, mukamakhwatcha noti iliyonse simudzafika pa liwiro limenelo. Makodi sasinthasintha. Ahmoudou Madassane amagwira kodi imodzi kapena ziwiri nthawi yaitali, Mikey Coltun pa besi amakhazikitsa pansi, ndipo kuyenda konse kwa nyimbo kuli m'kagundidwe. Kambiri ndi ka katatukatatu, komwe khutu lozolowera ng'oma za kwathu kuno silikuona chachilendo. Chinanso, Souleymane Ibrahim pa ng'oma amawonjezera liwiro nyimbo ikamapita. Tengani pulogalamu ya metronome yokhala ndi tap tempo, muyeze mphindi yoyamba ndi yomaliza ya nyimbo zothamangazo, muone kusiyana. Zimbale zambiri za rock zimajambulidwa motsatira click, kagunde kosunga liwiro, liwiro limodzi mpaka kumapeto, ndiye kukula kwa nyimbo kumadalira kuwonjezera zida. Apa kukula kukuchokera ku liwiro.

Chimbalechi n'chokwera ndipo gitala ili pamwamba kwambiri, moti pa sipika ya foni mudzangomva kukwecha. Nsambo yaikulu ya besi imalira pa 41 Hz, ya gitala pa 82 Hz, ndipo sipika ya foni pansi pa 200 Hz situlutsa kanthu kooneka. Popanda besi ya Coltun nyimbozi zimasowa pansi. Nkhani zake ndi zolemera: uranium wa ku Niger yemwe amapindulira ena, dzanja la France, chilankhulo cha Atuareg chomwe chikuchepa mphamvu. Mu February 2025 adatulutsa Tears of Injustice, nyimbo zomwezo pa magitala opanda magetsi, zomwe adajambula ku New York atalephera kubwerera kwawo chifukwa cha kulanda boma kwa ku Niger kwa July 2023. Mverani ziwirizi motsatizana. Nyimbo yomwe yaimabe itachotsedwa ampu ndi nyimbo yeniyeni, ndipo zambiri zaima.

Cha Lenderman sichitopetsa chifukwa zida n'zochepa ndipo ampu sadayitsegule mopyola. Gitala imangosweka pang'ono akamenya mwamphamvu, akafewetsa dzanja imayera. Ng'oma n'zouma, zopanda reverb wambiri. Zida zambiri adaliza yekha, ku situdiyo ya Drop of Sun ku Asheville, ndi Alex Farrar. Chokoma china ndi pedal steel, gitala yogoneka ija yolizidwa ndi kachitsulo, yomwe imadzaza mipata mosapikisana ndi mawu. Chofooka chake, nyimbo zambiri zili pa liwiro lofanana, ndipo mawu ake ndi odzaza ndi tinthu ta moyo wa ku America tomwe wakunja sangatigwire tonse. Mphindi zomaliza za chimbalechi ndi kulira kwa gitala kokhakokha. Ena amakudula, ine ndimaona kuti kukutseka bwino. Mukachikonda, pitani pa Tigers Blood cha Waxahatchee, momwe Lenderman yemweyo akuliza gitala ndi kuthira mang'ombe kumbuyo kwa Katie Crutchfield. Pa kalembedwe ka nyimbo, chimenecho n'cholimba kuposa chake.

Musaiwale kuti rock ili ndi mizu kuno ku Zambia. WITCH, gulu la Zamrock (rock ya ku Zambia) la ku Copperbelt la m'ma 1970, lidabwerera ndi Zango mu 2023, patatha zaka 39 osatulutsa chimbale chatsopano, ndipo adachijambulira ku DB Studios ku Lusaka komwe ankajambulira kale. Emmanuel Jagari Chanda akadali patsogolo, Patrick Mwondela pa kiyibodi, ndi achinyamata ena kuphatikizapo Jacco Gardner wa ku Netherlands pa besi. Mu 2025 adatulutsa Sogolo. Fuzz (mtundu wa distortion) ya pa Zango ndi chitsanzo chabwino cha zomwe ndayamba nazo: gitala yang'ambika kotheratu, koma ng'oma ndi besi zili poyera, zikuvinitsa. Yambani ndi Zango. Sogolo chayesa njira zambiri ndipo si zonse zomwe zagwira mofanana.

Chikondi_Zomba:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula makutu. Zatsala ziwiri. Pa nkhani ya bandulo ija, kodi kusiyana kwa mlingo wa fayilo wa 160 ndi 320 kbps kumamvekadi, kapena n'kungotaya data? Ndipo ena amati mbale ya vinyl ya chimbale chopanikizidwa imamveka momasuka kuposa ya pa intaneti, amaonetsa ndi manambala omwe. Zoona zake n'ziti?

Mlongoti_Sound:

Tiyambe ndi masamu. Chimbale cha mphindi 45 pa 96 kbps, yomwe Spotify amayitcha Normal posankha mlingo wa fayilo, chimadya pafupifupi 32 MB. Pa High, 160 kbps, ndi 54 MB. Pa Very high, 320 kbps, ndi 108 MB. FLAC, fayilo yosataya kanthu, ya mlingo wa CD imafika cha m'ma 300 MB, chifukwa nyimbo zaphokoso sizichepa kwambiri mu FLAC.

Kusiyana kumadalira chimbale. Kuchepetsa fayilo kumataya zomwe kompyuta ikuganiza kuti khutu silimva, ndipo kumavutika kwambiri ndi ma cymbal, michira ya reverb ndi magitala a distortion osanjikizana. Pa 96 ma cymbal amayamba kumveka ngati madzi akutuluka pa mpopi. Palinso china: chimbale chomwe nsonga zake zagunda pa 0 dB, chikasinthidwa kukhala fayilo yaing'ono, nsonga zina zimapyola denga n'kusweka. N'chifukwa chake Spotify amalangiza a mastering kusiya 1 dB pansi pa denga, ndi 2 dB ngati chimbale chakwera kuposa -14. Ndiye chopanikizidwa kale ndicho chimawonongeka kwambiri pa mlingo wotsika. Cha The Cure, cha Mdou Moctar ndi cha Geese dawunilodani pa 320. Cha Lenderman ndi cha Waxahatchee pa 160 sizitaya zambiri. Pakati pa 320 ndi FLAC anthu ambiri sasiyanitsa akayesedwa osaona, ndiye musathere bandulo pamenepo pokhapokha mukufuna kusunga fayilo yanuyanu.

Dawunilodani kamodzi pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, muyatse offline, m'malo momvera pa intaneti tsiku lililonse. Mlingo wa download ndi wa streaming amasankhidwa padera, ndipo mukasintha mlingo mutadawuniloda kale, onetsetsani kuti chimbalecho chatsitsidwanso. Foni iyenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30, apo ayi zomwe mudasunga zimachoka. Ngati mahedifoni anu ndi a Bluetooth otsika mtengo, nyimbo ikuchepetsedwa kachiwiri ndi SBC, njira ya Bluetooth yotumizira mawu, isanafike m'khutu. Poweruza chimbale gwiritsani ntchito a waya.

Za vinyl, mbali ina n'zoona. Mbale singalandire nyimbo yokwera ngati CD, singano ingadumphe, ndiye nthawi zina amayikonzera master yakeyake yosametedwa kwambiri. Koma si nthawi zonse. Zambiri amadula kuchokera pa master yomweyo, kungoyitsitsa. Manambala a DR (muyeso wa mpata pakati pa nsonga ndi mawu ena onse) omwe anthu amaonetsa musawakhulupirire msanga. Podula mbale besi yapansi amayisonkhanitsa pakati, mawu ena amasefedwa, ndipo singano ndi phono preamp zimasinthanso maonekedwe a nsonga. Zimenezi zimakweza nambala ya DR ngakhale master ili yomweyo. Kumbukiraninso kuti mbali imodzi ya mbale ya mainchesi 12 imamveka bwino mpaka mphindi 20 kapena 22. Chimbale cha mphindi 49 chikakhala pa mbale imodzi amachidula motsika, ndipo nyimbo za kufupi ndi pakati zimayamba kukwecha pa zilembo za s. Ngati pali mtundu wa mbale ziwiri, sankhani umenewo. Kulemera kwa singano kuyezeni ndi kasikelo: mwachitsanzo singano ya AT-VM95E imafuna magalamu 2.0, ndipo yopepuka mopyola imawononga mbale kuposa yolemera pang'ono, chifukwa imanjanja m'kanjira. Mbale zisungeni choimirira, kutali ndi zenera ndi denga la malata. Kutentha kwa October kumazipinda, ndipo yopindika kuwongola kwake n'kovuta.

NaPhiri_Leeds:

Pa zogula, ndalama zikakhala za chimbale chimodzi chokha, ine ndingati Funeral for Justice, pa Bandcamp. Mukagula kumeneko mumasankha nokha mtundu wa fayilo, MP3 ya 320 kapena FLAC, mungadawunilodenso foni ikatayika, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limapita kwa oyimba ndi kampani yawo. Tengani MP3 ya 320 ya pa foni lero, FLAC mudzatenge mukapeza Wi-Fi. Chachiwiri chikhale cha Shellac, kuti mukhale ndi fayilo yoyezera zina pa foobar2000 monga a Mlongoti afotokozera. Cha The Cure chisiyeni pa Spotify, pa 320, normalization ili pa Normal, ndipo muchimvere usiku pa masipika.